Laputopu yaima pa 30% chiyambire dzulo, ndithandizeni abale

NyaChibavi
Monire mose. Ndabwera ndi vuto ndipo mutu sukugwira. Ndili ndi kamalo kotayipira ndi kupulinta kufupi ndi depoti. Dzulo madzulo ndimati ndizimitse laputopu ndiweruke, basi yalemba kuti "Working on updates 30%. Don't turn off your computer." Ndinati ndidikire. Ndakhala pamenepo mpaka anzanga onse atseka mashopu, kenako magetsi thi! Batire la laputopu yanga linafa kalekale, imangoyenda ikakhala pa chaja, ndiye nayonso inazimira pomwepo. Lero m'mawa ndayatsa, ikungozunguza timadontho tija, kenako ilemba "Undoing changes made to your computer", izima yokha, iyambirenso. Kuyambira 7 koloko mpaka pano ndi zomwezo. Mkatimo muli pulogalamu ya ukwati wa Loweruka lino, makadi ake, komanso ripoti la masamba 60 la mwana wina wa sukulu limene ndakhala ndikutayipa sabata yathunthu kuchokera pa zolemba pamanja. Sindinasunge pena paliponse. Mnyamata wina wandiuza kuti ikungofunika kufomata. Kodi ndikafomata zinthu zanga zibwerera? Ndi Windows 10.

Zolozolo88
Musafomate! Chonde mayi musafomate. Kumeneko n'kugwetsa nyumba katundu ali momwemo.

Kabaza_Luwinga
Pepani kwambiri. Ine ndinalola kufomata chaka chatha ndipo zithunzi za pamaliro a bambo anga zinapita zonse. Wokonzayo sanandifunse n'komwe ngati muli zofunika. Mpaka lero zimandiwawa.

MmisiriWaKuKatoto
Achemwali, choyamba mtima m'malo. Mwachidziwikire zimene munatayipa zikadali momwemo. Chasokonekera ndi Windows yokha. Pa nthawi ya update kompyuta imachotsa mafayilo ake akale n'kumaika atsopano, ndiye magetsi akazima pakati imatsala ndi theka lakale, theka latsopano. Uthenga mukuuonawo ukutanthauza kuti ikuyesa kubwezeretsa zakale zija, koma ikukakamira pena pake n'kumayambiranso.

Chitani izi. Zulani chilichonse chimene mwalumikiza, kaya pulinta, fulashi kapena mausi, mutsale ndi chaja chokha. Iyatseni, ndipo ikangoonetsa chizindikiro cha Windows dinani batani loyatsira osalisiya mpaka izime. Bwerezani kawiri kapena katatu. Ulendo wotsatira ilemba "Preparing Automatic Repair" kenako ibweretsa sikirini ya buluu yokhala ndi zosankha. Dinani Advanced options, kenako Troubleshoot, kenako Advanced options kachiwiri, mupeza Uninstall Updates. Sankhani yoyambayo, ya quality update. Mukaona pamene palembedwa "Reset this PC" musakhudzepo mpaka titalankhulananso.

NyaChibavi
Zikomo achimwene. Koma si yomweyi inandiuza kuti ndisazimitse? Ndikuopa kuonjezera bala.

MmisiriWaKuKatoto
Mwafunsa bwino. Ikakhala kuti ikugwiradi ntchito, kuizimitsa n'kulakwa. Pa laputopu yakale yokhala ndi disiki yozungulira ija, update imatha kudya maola awiri kapena atatu, ndipo nambala imaima malo amodzi nthawi yaitali ngati yafa. Zikatero yang'anani kagetsi kakang'ono ka m'mbali, kakamaphethira ndiye kuti disiki ikugwira ntchito, isiyeni. Koma yanuyo yazima n'kuyaka yokha kambirimbiri chiyambire m'mawa, ikungobwerera pamalo amodzimodzi. Imeneyo siituluka yokha.

Chiputula_Boy
Ine ma update ndinatseka mu 2019 ndipo kompyuta yanga ilibe vuto lililonse. Mumalowa mu Services, mupeze Windows Update, muike Disabled, nkhani yathera pomwepo. Zinthu zimenezi anapangira anthu amene intaneti yawo siitha komanso magetsi sazima. Ife kuno timagula bandulo ya tsiku.

Mphunzitsi_Ekwendeni
Pa nkhani ya bandulo yokhayo ndiye ndikugwirizana nanu. Mwezi watha ndinagula 4GB kuti nditsitse mabuku angapo ndi kutumiza magiredi a ana. Ndalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, ndatuluka kukaphula madzi a tiyi, pobwera uthenga walowa kale woti bandulo yatsala pang'ono kutha. Sindinatsegule ngakhale tsamba limodzi. Unali pa 20, ndipo malipiro a mphunzitsi pa 20 mukudziwa momwe amakhalira. Ndinakwera njinga mdima uli bii kupita kwa mnzanga kukabwereka intaneti, chifukwa magiredi amafunika mawa lake m'mawa.

NyaMasasa_IT
Aphunzitsi, nthawi zambiri laputopu siidziwa kuti Wi-Fi mwailumikizayo ikuchokera mu foni ya munthu wogula bandulo. Imangoona ngati ndi intaneti ya mu ofesi yopanda malire, ndiye imayamba kukoka zonse zimene yakhala ikudikira. Muyenera kuiuza. Lowani mu Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotspot yanuyo, muyatse pamene palembedwa "Set as metered connection". Mukatero imasiya kutsitsa yokha ma update ambiri, kupatula ochepa ofunikitsitsa. Muchite zimenezi pa hotspot iliyonse payokha, chifukwa mukalumikiza ya foni ina imaiona ngati yachilendo n'kuyambiranso kukoka.

Mu Windows Update mulinso Pause updates, imene imaimitsa zonse mpaka masiku 35, ndi Active hours, momwe mumaiuza maola amene mumagwira ntchito, mpaka maola 18, kuti isamadziyatsenso yokha muli pakati pa ntchito. Zitatu zimenezi zimathetsa madandaulo ambiri popanda kutsekeratu.

Ndipo a Chiputula_Boy, zimene mukuphunzitsa anthuzo n'zoopsa.

Chiputula_Boy
Zoopsa bwanji achemwali? Zaka zonsezi sindinaonepo kanthu.

NyaMasasa_IT
Simunaone, koma si kuti mulibe. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150. Inkatseka mafayilo onse n'kumafuna ndalama kuti iwatsegule. Ku Britain zipatala zina zinachita kubweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka. Chowawa n'chakuti bowo limene inkalowera linali litatsekedwa kale ndi update imene inatuluka mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ambiri ndi amene anali asanaiike. Miyezi iwiri yathunthu mankhwala analipo.

Chiputula_Boy
Zimenezo ndi zipatala za ku Britain. Ine ndani angafune kundibera? Mu kompyuta yanga muli nyimbo ndi mafilimu basi.

MlembiWaMpingo
Achimwene, vairasi siisankha kuti uyu ali ndi ndalama uyu alibe. Ine ndimalemba malipoti a mpingo wathu kuno ku Mchengautuwa. Ndinapita ndi fulashi kukapulinta ripoti la chuma pa kashopu kena m'tauni. Nditabwerera kunyumba mafoda onse asanduka ma shortcut, ukadina osatseguka. Ndinalowetsa fulashi yomweyo mu kompyuta ya abusa ndisanadziwe, nayonso inadwala. Pa msonkhano wa akulu a mpingo ndinaima ndilibe pepala, ndipo nkhani ya ndalama za mpingo mukudziwa, ena anayamba kunong'onezana. Wokonza anandiuza kuti Defender yanga, pulogalamu ya Windows yoteteza ku mavairasi, inali isanalandire mndandanda wa mavairasi atsopano kwa chaka chathunthu, chifukwa mwana wa mlongo wanga anatseka ma update momwe mukunenera inumo. Kompyuta yanu ya nyimboyo, fulashi zingati za anzanu zimalowamo pa sabata?

Zolozolo88
Apa alembi mwalasa. Ku Mzuzu kuno fulashi imodzi imayenda tauni yonse.

Chiputula_Boy
Chabwino, za fulashi ndamva. Koma musayankhule ngati ma update ndi angelo. Mayi ayamba nkhaniyi akulira chifukwa cha chiyani? Komanso chaka chija ndege zinalephera kunyamuka dziko lonse lapansi, sikirini zili buluu m'mabwalo a ndege, sinali update imeneyo?

NyaMasasa_IT
Inali update, koma osati ya Windows. Inali pa 19 Julayi 2024, ndipo inachokera ku kampani ya zachitetezo yotchedwa CrowdStrike, imene pulogalamu yake imagwiritsidwa ntchito m'makampani akuluakulu. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa. Laputopu ya munthu wamba ku Chiputula sinakhudzidwe chifukwa mulibe pulogalamu imeneyo.

Koma sindikukanirani zonse. Mu Okutobala 2018 update yaikulu ya Windows 10, ya nambala 1809, inafufuta mafayilo a anthu ena, mpaka Microsoft inaiimitsa kaye n'kukaikonza. Ndiye inde, zimalakwika. N'chifukwa chake ine sindithamangira. Ma update a mwezi ndi mwezi amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi. Ndimaimitsa kwa sabata imodzi, ndimve ngati kwina kwamveka kulira. Kukakhala zii, ndimasunga kaye mafayilo anga pa disiki ina, ndiye ndimailola pa nthawi imene ndasankha ndekha, batire lili lodzadza. Kuchedwetsa sabata ndi kutseka zaka zambiri ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Dunduzu_Solar
Koma tinene zoona, chagwetsa mayiwa ndi magetsi ndi batire, osati update. Batire likanakhala lamoyo bwenzi laputopu itamaliza yokha ili m'chikwama. Anthu timagula laputopu ya batire lakufa chifukwa ndi yotchipa, n'kumati ndiziyendera pa chaja. Ndiye kuti mwagula desktop yopanda UPS, kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akazima.

Kabaza_Luwinga
Mabatire enieni mumawapeza kuti? Ine ndinagula lina, miyezi itatu latupa mpaka kukankha kiyibodi.

Dunduzu_Solar
Likatupa lichotseni tsiku lomwelo, limatha kuyaka. Musaliboole kapena kuliponya pa moto wa zinyalala. Pogula, tengani nambala yolembedwa pa batire lakalelo, osangonena dzina la laputopu. Ndipo muzikumbukira kuti magetsi athu ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ayende mtunda wonsewo kudzafika kuno kumpoto, mtengo umodzi ukagwera pa waya nyengo ya mvula ino ndiye kuti tili mumdima. Mwaiwala 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale, momwe tinkakhalira? Ine kuyambira pamenepo ndinaika sola kanyumba kanga konse. Ka inverter kakang'ono ndi batire limodzi zimakwana kuyendetsa laputopu ndi kutchaja mafoni.

Lupaso_Girl
Sola ku Mzuzu? Mwezi wa Juni dzuwa mumaliona kangati? Kwathu kumacha kuli nkhungu mpaka 10 koloko.

Dunduzu_Solar
Imatchajabe achemwali, kungoti pang'onopang'ono. Mumangoika panelo yokulirapo kuposa imene angaike wa ku Karonga.

GogoWaKaning'ina
Ana anga, ndikuwerenga zonsezi ndipo ndikumva chisoni ndi mwana wa ku Chibaviyu. Ine ndinagwira ntchito yotayipa zaka zambiri pa taipilaita. Lamulo loyamba limene anatiphunzitsa linali la kaboni. Kalata iliyonse inkatuluka pawiri kapena patatu: ina ipite, ina ilowe mu fayilo, ina kwa abwana. Ukatayipa popanda kaboni unkabwereza yonse, ngakhale ilibe cholakwika. Masiku ano makina ndi abwino, sindikutsutsa, adzukulu anandiphunzitsa ndipo ndimalemba nawo makalata a kumudzi. Koma ndimadabwa kuti munthu atayipa masamba 60 n'kukhala ndi kope limodzi lokha. Mwana wanga, sindikukudzudzula, ndikudziwa kutopa kwa ntchito imeneyi, msana ndi maso. Zikatheka kuti zibwerere, ugule fulashi imodzi imene siilowa mu kompyuta ya munthu wina aliyense, uziikamo ntchito ya tsikulo usanatseke chitseko.

NyaChibavi
Yewo agogo, ndamva ndipo ndalandira.

Woyang'aniraGulu
Abale, za sola mutsegulire nkhani yake padera. Pano tithandize mayiwa kaye, ukwati ndi Loweruka. A NyaChibavi, zafika pati?

NyaChibavi
Ndachita momwe anandiuzira a Mmisiri. Ulendo wachitatu sikirini ya buluu ija yabweradi. Ndafika pa Uninstall Updates, ndadina yoyamba, yandifunsa pasiwedi, ndalemba. Yazungulira pang'ono kenako yalemba kuti yakumana ndi vuto ndipo siitha kuchotsa. Eni ukwati andiimbira kawiri. Ndawauza kuti mawa. Manja akunjenjemera.

MmisiriWaKuKatoto
Basi imani pomwepo, musayesenso china. Tsopano tisiye zokonza Windows, titulutse kaye katundu. Ine lero ndili ku Nkhata Bay ndibwera usiku. Pali amene ali m'tauni ndi fulashi ya Linux?

Mint_WaKuChibanja
Ndili nayo m'thumba. Mayi, ndikufotokozereni kuti musaope. Pa fulashi imeneyi pali dongosolo lina lathunthu loyendetsera kompyuta, lotchedwa Linux Mint. Timailowetsa, n'kuuza laputopu kuti iyakire pa fulashi m'malo moyakira pa disiki yake. Windows yodwalayo siikhudzidwa n'komwe, imangokhala chigonere. Tikalowa timatsegula disiki yanu ngati mmene mumatsegulira fulashi wamba, n'kupita mu Users, dzina lanu, Documents ndi Desktop, n'kukopera zonse. Sitiika kanthu, sitifufuta kanthu. Mukonze fulashi ina kapena disiki yoti tiikemo. Ndituluka ku ntchito 12 koloko, nditumizireni uthenga kumbali mundilondolere.

NyaMasasa_IT
Musanapite, funso limodzi. Mayi, pa sikirini ya buluu ija yakufunsanipo nambala yaitali yotchedwa BitLocker recovery key?

NyaChibavi
Ayi, pasiwedi yokha.

NyaMasasa_IT
Ndiye zili bwino, disiki yanu siinakhomedwe ndipo Linux iiwerenga.

WaChakaChachinayi
BitLocker imeneyo inandiliza ine. Ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, yooneka bwino, ya Windows 11. Wogulitsayo anandikonzera zonse, ndinangofikira kugwiritsa ntchito. Patapita miyezi, tsiku lina itangomaliza update n'kuyakanso, inandifunsa nambala ya manambala 48. Sindinkadziwa n'komwe kuti disiki ndi yokhoma. Anzanga ku Luwinga anandiuza kuti nambalayo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa poyamba. Akauntiyo inali ya wogulitsa uja, ndipo iye anati anaitsegula mongothamanga, pasiwedi anaiwala. Chaputala chachiwiri ndi chachitatu cha pulojekiti yanga ndinalembanso kuchokera pa zimene ndinatumizira aphunzitsi pa imelo. Amene muli ndi Windows 11, lero lomwe lowani mu Settings muone ngati Device encryption ndi yoyatsa. Ngati ndi yoyatsa, onetsetsani kuti akaunti ndi yanu, mupeze nambalayo, muilembe pa pepala muisunge kumene mumasunga masatifiketi.

Lupaso_Girl
Ndiye palibe mmisiri angatsegule popanda nambalayo?

MmisiriWaKuKatoto
Palibe. Akakuuzani kuti atsegula, akutanthauza kuti afufuta zonse n'kuika Windows ina.

Mphunzitsi_Ekwendeni
Pali chimene sindikumvetsa. Ndinamva kuti Windows 10 inatha. Nanga update imene yagwetsa mayiwa yachokera kuti?

NyaChibavi
Mwina ndi ine. Laputopu imeneyi sindiilumikiza pa intaneti kawirikawiri, ndimatumiza zinthu pa foni. Dzulo kasitomala wina anandilumikiza ku Wi-Fi yake kuti nditsitse zithunzi za akwati, ndipo inakhala yolumikizidwa masana onse.

NyaMasasa_IT
Ndi zimenezo. Inapeza mpata n'kukoka ngongole yonse ya miyezi imene inatsalira. Aphunzitsi, Windows 10 inatuluka mu 2015 ndipo Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Sikuti imazima ayi, imagwirabe ntchito, ndipo ma update akale amatsikabe kwa amene anali asanawalandire. Chimene chinatha ndi zigamba zatsopano zaulere za mwezi ndi mwezi. Bowo likapezeka lero limakhala choncho. Office 2016 ndi Office 2019 nazonso zinasiyidwa tsiku lomwelo. Anasiya kakhomo kamodzi kotchedwa ESU, kolandirira ma update a chitetezo okha, kamene mu 2025 analengeza kuti kafika mpaka pa 13 Okutobala 2026. Mu 2025 anaika mtengo wa madola 30 a ku America, kapena kulowa ulere mukagwiritsa ntchito akaunti ya Microsoft n'kuvomera kusungitsa ma settings anu kwa iwo. Kompyuta iyenera kukhala pa 22H2, imene ndi Windows 10 yomaliza.

Zolozolo88
Ndiye bwanji tonse osangosamukira ku 11?

MmisiriWaKuKatoto
Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo zimandipweteka mtima tsiku lililonse pa benchi yanga. Windows 11 imafuna zachitetezo ziwiri za m'kati mwa kompyuta zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot, RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB, ndiponso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo. M'badwo mumaudziwa poona nambala yoyamba ikatha i3, i5 kapena i7, koma kuyambira m'badwo wa 10 mumaona manambala awiri oyamba. Ikakhala i5-8250U ndi wa 8, ilowa. Ikakhala i5-4300U ndi wa 4, siilowa. Tsopano malaputopu amene amafika pa benchi yanga ambiri ndi a m'badwo wa 3, wa 4, wa 6. Ndi makina olimba, ena ndawaika SSD, disiki yothamanga yosazungulira, ndipo akuthamanga kuposa atsopano otchipa. Munthu anasunga ndalama chaka chathunthu, mwina anagulitsa nyemba ndi chimanga kuti mwana apite nayo ku koleji. Ndimuuze kuti yatha ntchito? Pakamwa pamandilemera.

Ndiye amene mukufuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito panopa, musaone kuwala kwa chikuto. Muuzeni wogulitsa atsegule Settings, System, About, muwerenge nambala ya purosesa ndi maso anu. Ena akumaika Windows 11 mokakamiza pa makina akale kuti aoneke atsopano.

Chiputula_Boy
Kukakamiza kwake kulakwika pati? Rufus, pulogalamu yokonzera fulashi yoikira Windows, imalumpha zonsezo, ndaikira anthu atatu ndipo zikuyenda.

MmisiriWaKuKatoto
Zimayenda, inenso ndaikapo, sindinama. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina oterewa siikulonjeza kuti azilandira ma update. Ndipo update yaikulu ya pa chaka kawirikawiri siibwera yokha pa makina amenewa, mumachita kutsitsa fayilo yoposa 5GB n'kuikanso ndi manja. Ngati mwini wake mwamufotokozera zimenezi ndipo wavomera, palibe mlandu. Chimene ndikukana ndi kumugulitsa osamuuza.

Mint_WaKuChibanja
N'chifukwa chake ine ndimati makina akalewa tiziika Linux. Ndi yaulere, siifunsa TPM, ndipo update siikukakamizani, imangoonetsa kachizindikiro pakona, muike nthawi imene mwafuna. Imabwera ndi LibreOffice imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Mavairasi a shortcut aja sagwiranso ntchito mmenemo.

NyaMasasa_IT
Kwa mwana wa sukulu kapena alembi a mpingo ndikuvomereza. Koma kwa mayi wa shopu yotayipira, ayi musathamange. Makadi a ukwati ambiri amapangira mu Publisher kapena CorelDRAW, ndipo zimenezi kulibe ku Linux. Kasitomala akabwera ndi fayilo ya Word yokhala ndi matebulo ndi mitundu ya zilembo yachilendo, mu LibreOffice masamba amatha kusuntha, ndiye mukangana pa kauntala. Pulinta nayonso muyambe mwayesa ngati ikugwira. Munthu amadyera pomwepo, si malo oyeserera.

Mint_WaKuChibanja
Pamenepo sinditsutsa. Pulinta tiyesa lero lomwe ndikadali pa fulashi, tingoona.

MlembiWaMpingo
Nanga ife amene tikhalabe pa Windows koma bandulo ndi yovuta, palibe njira yoti mmodzi atsitse, enafe tigawane?

NyaMasasa_IT
Ilipo. Pali tsamba lotchedwa Microsoft Update Catalog pomwe mumatsitsa update ngati fayilo imodzi, n'kuiika pa fulashi, n'kukaika pa makompyuta ena popanda intaneti. Ma update a mwezi ndi mwezi amasenza zonse za m'mbuyo, ndiye simufunika kutsitsa ya mwezi uliwonse umene munaphonya, yatsopanoyo imakwana, kungoti makina otsalira kwambiri nthawi zina amafuna kaye kafayilo kena kotsogolera. Chofunika n'kudziwa mtundu weniweni wa Windows yanu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, ikuuzani. Koma fulashi yake ikhale yoyera alembi, tisagawane mankhwala ndi matenda omwe.

NyaChibavi
Abale! Zatuluka! Achimwene a ku Chibanja anafika cha m'ma 12:30, mvula ikuwaza, fulashi ili m'kapepala ka pulasitiki. Analowetsa, anadina batani lina kangapo poyatsa, basi kunabwera sikirini ina yachilendo yobiriwira. Atatsegula foda ya Desktop ndinaona dzina la fayilo ya ukwati ija ndipo ndinangokhala pansi pa katoni ya mapepala, miyendo inalibe mphamvu. Takopera zonse, ngakhale zithunzi za ana anga zimene ndinaziiwala kuti zilimo. Pulogalamu ndi makadi ndapulintira kwa mnzanga wa shopu yoyandikana nayo, eni ake atenga 4 koloko. Ndimati ndiwapatse kangachepe achimwenewa, akana, angolandira botolo la chakumwa.

Chatsala ndi ripoti lija. Latseguka, koma likuthera pa tsamba 56. Masamba anayi omaliza amene ndinatayipa dzulo masana mulibe. Ndikuganiza kuti ndinatseka osasunga pamene kasitomala wa zithunzi uja anabwera.

Kabaza_Luwinga
Mulungu ndi wabwino. Ndakondwa ngati ndi zanga.

GogoWaKaning'ina
Masamba anayi ndi ola limodzi mwana wanga. Ugone bwino lero.

MmisiriWaKuKatoto
Ndasangalala achemwali. Musatayipenso kaye. Word imasunga yokha kope la pangozi mphindi 10 zilizonse, ndiye mwina lilipo. A Mint, ngati simunachoke, muonetse mafoda obisika, mulowe mu Users, dzina lawo, AppData, Roaming, Microsoft, Word, muyang'ane fayilo yothera ndi .asd ya deti la dzulo. Muonenso mu AppData, Local, Microsoft, Office, UnsavedFiles. Ngati anadina okha kuti isasunge mwina simupeza, koma kuyang'ana n'kwaulere. Laputopu mubwere nayo mawa m'mawa ku Katoto. Popeza katundu watuluka, tiyesa System Restore yobwezera Windows momwe inalili kale, ikakana tiika Windows mwatsopano mtima uli m'malo. Mundiwerengerenso nambala ya purosesa kuti tidziwe ngati ingalandire 11.

Mint_WaKuChibanja
Ndabwerera kale ku ntchito koma fulashi ndawasiyira. Pulinta yawo inagwira pa Linux popanda kuika chilichonse, koma fayilo ya makadi sinatseguke bwino, ndiye a NyaMasasa munanena zoona. Mayi, ndidutsa 5 koloko tidzaone za .asd zija.

Chiputula_Boy
A NyaMasasa, ndalemba winver ija. Yanga ikuti Version 1809. Ndikayatsanso ma update panopa idya ma GB angati? Ndipo ndiyambire pati kuti zisandichitikire za mayiwa?

NyaMasasa_IT
Idya ambiri, chifukwa muyenera kudumpha kuchoka pa 1809 kufika pa 22H2. Musayese pa bandulo ya tsiku. Yambani mwakopera zinthu zanu pa disiki ina, muone kuti pa disiki C, pamene pamakhala Windows, pali malo okwanira, ndipo batire likhale lamoyo. Fayilo ya 22H2 ndili nayo kale pa fulashi, Loweruka masana ndili ku Masasa.

NyaChibavi
A Mmisiri, pansi pa laputopu pali kapepala kolembedwa Core i3 koma nambala inafufutika. Ndibwera nayo 8 koloko. Batire lakufalo ndilichotse kapena ndibwere nalo lili momwemo?